Chuthi ca banja kunyanja: kugona mu tenti kapena mu kalavani

Cilankhulo cimene mukuwerengaci dzina lake ndi Cinyanja, kutanthauza cilankhulo ca anthu a kunyanja. Komabe kuno ku Fonte Boa, ku Ulongwe ndi m'midzi ina ya kumapiri a Angónia kuli akuluakulu ambiri amene nyanjayo sanaionepo ndi maso. Usipa amadya ndithu, koma wouma, wogula pamsika. Za mafunde amangomva kwa anzawo. Cikhalireco nyanja ili pafupi kuposa mmene ambiri amaganizira. Munthu wonyamuka m'mamawa ku Ulongwe atha kuponda mcenga wa pagombe dzuwa lisanalowe.

Cimene cimabweza mabanja ambiri ndi mtengo wa malo ogona. Cipinda ca mu hotela ya pagombe n'codula, ndiye banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi lingalipire bwanji? Njira yochipa ilipo. Ndiyo kunyamula nyumba yanu yogonamo, kuimanga pafupi ndi madzi, n'kumadziphikira nokha. Nkhani ino ikufotokoza mmene anthu amacitira zimenezi. Ikufotokozanso zinthu za kunyanja zimene munthu wobadwira kumtunda sanazizolowere, monga madzi akuya, mphepo, udzudzu ndi likodzo.

Tenti ndi kalavani

Kugona panja si kwacilendo kwa ife. Mlimi amagona mu msasa kudimba polondera mbewu. Pamaliro azibambo amagona panja pafupi ndi moto. Asodzi a kunyanja nawo amamanga zisakasa za udzu pamene pali nsomba, nsombazo zikasamuka iwonso n'kusamuka. Kusiyana kwake n'kwakuti pa chuthi munthu amagona panja mwa kufuna kwake, kuti apume ndi kuona malo atsopano.

Tenti ndi kanyumba ka nsalu. Yogula m'sitolo imakhala ndi nsalu ziwiri. Yamkati ili ndi timaenje ting'onoting'ono tolowetsa mpweya koma totsekereza udzudzu. Yakunja imachinga mvula ndi mame. Pamakhalanso timitengo topindika, zingwe, zikhomo zokhomera pansi ndi zipi ya pakhomo. Ikapindidwa imalowa m'kathumba koti mwana wa sukulu atha kunyamula.

Amene alibe tenti asataye mtima. Lona ziwiri, cingwe colimba ndi nsungwi zinayi zimakwanira. Lona imodzi yalani pansi, ina ikhale denga lotsetsereka mbali zonse ziwiri. Mkati mwake mangani maneti a udzudzu amene mumagonamo kunyumba. M'miyezi yopanda mvula msasa wotere umagoneka bwinobwino. Malo ena a alendo amabwereketsanso matenti pa mtengo wa usiku umodzi.

Kalavani ndi ngolo yokhala ndi makoma, denga, citseko ndi mawindo, yokokedwa ndi galimoto. Mkati muli mabedi, tebulo lopinda, kabati, cophikira ca gasi ndi thanki ya madzi. Ena ali ndi kafiriji ndi magetsi a batire kapena a dzuwa. Kalavani alibe injini. Amamangidwa ku citsulo ca kumbuyo kwa galimoto, ndipo waya umodzi umatenga magetsi ku galimotoyo kuti nyali za kumbuyo ziziyaka. Akafika pamalo, eni ake amamasula ngoloyo, kutsitsa timiyendo ta m'makona kuti isagwedezeke, galimoto n'kukhala yomasuka kupita kumsika.

Mwambo woyenda ndi nyumba yotere pofuna kusangalala unayambira ku Britain. Mu 1885 dokotala wina dzina lake William Gordon Stables anapangitsa ngolo yogonamo yokokedwa ndi akavalo, naicha The Wanderer. Magalimoto ataculuka, akavalo analekedwa. Kuno kum'mwera kwa Africa makalavani ndi ambiri ku South Africa, ndipo alendo a kumeneko ndi amene timawaona nthawi zina akudutsa pa msewu wocokera ku Tete, akupita kunyanja.

Kalavani ndi wodula kugula, amamwetsa galimoto mafuta ambiri, ndiponso pa cipata ca dziko amafuna mapepala akeake. Ubwino wake ndi woti mvula ndi mphepo sizimuvuta, ndipo katundu amatsekeredwa ndi kiyi. Kwa banja la kumudzi, tenti kapena lona ndiye cinthu cotheka. Malamulo a citetezo amene ali m'nkhani ino ndi amodzi kwa onse, wa kalavani ndi wa lona yemwe.

Kopita kulipo kutatu

Nyanja yaikulu imene ili kum'mawa kwathu a ku Malawi amati Nyanja ya Malawi, kuno ku Mozambique timati Lago Niassa. M'litali ndi makilomita oposa 560. Pamene yatambalala kwambiri ndi makilomita pafupifupi 75, ndipo kumpoto kwake kuya kumafika mamita pafupifupi 700. Mitsinje yambiri imathira m'nyanjayi, koma wotulukamo ndi umodzi wokha, Shire, umene umakathira mu Zambezi.

Gombe loyandikira kwambiri kwa ife lili ku Malawi. Malo odziwika ndi Senga Bay, makilomita pafupifupi 20 kucokera m'tauni ya Salima, ndi Cape Maclear, kumudzi wa Chembe, kupitirira Monkey Bay. Konseku kuli malo a alendo olola matenti ndi makalavani. Amakhala ndi mpanda, mlonda, cimbudzi, bafa ndi mpopi wa madzi.

Gombe la dziko lathu lili m'cigawo ca Niassa, ku Metangula, ku Cobué ndi ku Meponda. Anthu ambiri a m'mbali mwa nyanja kumeneko amalankhula Cinyanja. Koma kucokera ku Angónia, njira yacidule yopita kumeneko imadutsabe m'Malawi. Mumatulukira pa Chiponde n'kulowa pa Mandimba, kenako Lichinga, ndiye kutsika makilomita ena oposa 100 kukafika ku Metangula. Ndi ulendo wa masiku awiri kapena kuposa. Mu 2011 boma la Mozambique linalengeza mbali yathu ya nyanjayi kukhala malo otetezedwa.

Kwacitatu ndi ku Cahora Bassa, m'cigawo cathu comwe cino ca Tete. Iyi ndi nyanja yopangidwa ndi anthu. Inabadwa pamene khoma lalikulu lochinga mtsinje wa Zambezi linatha kumangidwa mu 1974, pafupi ndi Songo. Kucokera mumzinda wa Tete kufika ku Songo ndi makilomita pafupifupi 150. Ubwino wake, simufunika pasipoti. Koma kumeneko ng'ona ndi mvuu n'zambiri. Ndi nyanja yokaona, yokawedza ndi anthu odziwa, yodyerako kapenta. Ana asalowe m'madzi.

Njira ndi mapepala

Wopita ku Salima kapena ku Cape Maclear amakwera chapa kucokera ku Ulongwe kufika pa cipata ca Calómuè, n'kuwolokera ku Dedza. Kucokera ku Dedza njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya minibasi: Dedza, Lilongwe, Salima. Ndi yozungulira koma magalimoto sasowa. Yaciwiri ndi yotsika phiri kukafika ku Golomoti. Pa Golomoti, wopita ku Salima amakhotera kumpoto, wopita ku Monkey Bay amalunjika kum'mawa. Msewu wa Golomoti ndi wokongola, nyanja imaonekera patali muli pamwamba, koma uli ndi makona akuthwa ndi citsetso cacitali. Woyendetsa galimoto yokoka ngolo atsike pang'onopang'ono ndi giya yoyamba kapena yaciwiri. Akadalira mabuleki okha amatentha n'kusiya kugwira.

Munthu aliyense wowoloka malire ayenera kukhala ndi mapepala ake, ngakhale khanda. Musananyamuke pitani ku ofesi ya Migração mukafunse zofunika pa ana, makamaka ngati mwana akuyenda ndi kholo limodzi, agogo kapena amalume ake. Kudzera njira za m'thengo kumaoneka kochipa, koma Salima ndi kutali ndi malire, ndipo pa msewu pali malo amene apolisi amafunsa mapepala. Funsaninso pa cipata ngati cakudya cimene mwanyamula n'cololedwa kuwoloka naco. Ndalama ya ku Malawi ndi kwacha, conco mameticais anu musinthe, ndipo muwerenge bwino musanacoke pamalo osinthirapo.

Nthawi yabwino

Chuthi cacikulu ca sukulu cimabwera mu Disembala ndi Januwale. Imeneyo ndi nthawi ya mvula, ya kupalira, ndiponso ya udzudzu wambiri. Pa ulendo wa tenti si nthawi yabwino kwenikweni.

Kuyambira mu Meyi kufika mu Ogasiti, cimanga cili m'nkhokwe ndipo kunyanja kumakhala kofunda bwino pamene kuno tikunjenjemera ndi cisanu. Cifukwa cake ndi kukwera kwa malo. Ulongwe ali pa mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja ya mcere, pamene Nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Koma m'miyezi yomweyi mumaomba mwera, mphepo yamphamvu yocokera kum'mwera. Mwera umatha masiku angapo osaleka, umadzutsa mafunde aatali, ndipo asodzi enieniwo amakokera mabwato kumtunda.

Mu Seputembala mphepo imacepa ndipo madzi amayera. Okutobala ndi Novembala ndi miyezi yotentha koopsa. Mwana wozolowera kumapiri amafooka msanga ndi kutentha kotere, conco azimwa madzi pafupipafupi ndi kukhala pamthunzi masana.

Madzi a m'nyanja amakwera ndi kutsika. Amafika pamwamba ca mu Epulo ndi Meyi, mvula itatha, ndipo amatsika kwambiri kumapeto kwa caka. Mu 2024 anakwera mpaka kumiza magombe ndi nyumba zina za alendo m'maboma a Mangochi ndi Salima. Conco ndi bwino kuimba foni kumalo amene mukufuna kukagona musanalipire ulendo.

Ndalama ndi katundu

Tengani pepala mulembe mizere inayi. Mzere woyamba ndi ndalama ya ulendo, kupita ndi kubwera, munthu aliyense. Waciwiri ndi malo ogona. Funsani ngati amalipiritsa pa munthu kapena pa tenti, ndiponso ngati ana ang'ono amalipira. Wacitatu ndi cakudya ndi makala. Wacinayi ndi ndalama ya mwadzidzidzi, ya matenda kapena galimoto ikafa panjira. Ndalama ya mzere wacinayi ndi ya ulendo wobwerera zikhale m'thumba lina, kwa munthu wina, zisakhudzidwe. Mabanja ena amasonkha kudzera mu cipereganyu, cimene ena amati xitique, ndipo mabanja awiri akayendera limodzi amagawana mapoto, mbaula ndi nchito yoyang'anira ana.

Katundu wofunika si wambiri: tenti kapena lona, maneti, mphasa kapena mkeka, zofunda zopepuka, mapoto awiri, mthiko, mbale, mpeni, cidebe, cigubu ca madzi cokhala ndi citsekero, sopo, macesi, toci ndi cingwe cacitali. Ufa, mcere, mafuta ophikira ndi shuga mutha kugula ku Dedza kapena ku Salima. Musaiwale makadi a kucipatala a ana, mankhwala a munthu amene amamwa tsiku ndi tsiku, ndi mapaketi a mcere ndi shuga aja a kucipatala othandiza wotsegula m'mimba.

Kunyumba nakonso kukonzedwe. Ng'ombe, mbuzi ndi dimba zisiyidwe m'manja mwa munthu wodalirika. Uzani m'bale mmodzi kumene mukupita ndi tsiku lobwerera.

Kusankha pomanga

Fikani kukadali kowala. Kumanga tenti mumdima pamalo acilendo kumabweretsa mavuto.

Malo a alendo okhala ndi mpanda ndiwo abwino kwa banja loyamba kumene. Ngati mukufuna kugona pagombe la mudzi, dziwani kuti gombe lililonse lili ndi eni ake. Yambani mwaonekera kwa amfumu. Mawu ake ndi omwe aja a kwathu: "Zikomo amfumu, ndife alendo ocokera ku Angónia. Tabwera ndi ana kudzaona nyanja. Timapempha malo oti tigonepo masiku awiri." Amfumu akakulozerani malo, mudzi wonse umadziwa kuti ndinu alendo awo.

Sankhani malo okwera pang'ono, ouma, otalikira madzi. Pamcenga pamaoneka mzere wa zinyalala ndi tizigoba pamene mafunde amalekezera. Mangani kumtunda kwa mzere umenewo, patali ndithu. Pewani pafupi ndi bango ndi pamathiriro a mtsinje, cifukwa ndi kumene kumakhala ng'ona, mvuu, udzudzu ndi nkhono. Mukaona kanjira kotakata kocokera m'madzi, kokhala ndi mapazi akuluakulu ozungulira, imeneyo ndi njira ya mvuu. Mvuu imatuluka usiku kukadya udzu, ndipo munthu woima pakati pa iyo ndi madzi ali pangozi yaikulu.

Mthunzi wa mtengo ndi wabwino, koma yang'anani m'mwamba ngati muli nthambi youma. Khomo la tenti lifulatire mphepo. Mu mcenga zikhomo zazifupi zimazuka, conco mangirirani cingwe ku kamtengo, kakwirireni mopingasa m'dzenje, kapena tsamiritsani mwala waukulu.

Madzi ndi ana

Ngozi yoposa zonse pa ulendo wotere ndi kumira. Ana a kumapiri amadziwa kusamba mumtsinje wofika m'mawondo. Nyanja ndi ina. Pena mumayenda mtunda wautali madzi ali m'ciuno, pena mukangoponda kawiri pansi pasowa. Ndipo mwana akamamira sakuwa. Pakamwa pamakhala podzaza madzi, amangozimirira mwakacetecete m'kanthawi kocepa, anthu ali pomwepo akuceza.

Conco ana akalowa m'madzi pakhale munthu wamkulu mmodzi amene nchito yake ndi kuwayang'ana basi. Asaphike, asacape, asagwire foni. Akatopa auze mnzake momveka kuti, "Amake mwana, tsopano ana ali m'manja mwanu." Mwana wamng'ono akhale pamene dzanja lanu lingamufikire. Nchito imeneyi musapatse mwana mnzawo, ngakhale wamkulupo.

Musanalowe m'madzi funsani eni dera. Msodzi kapena mayi wocapa pagombe mungomufunsa kuti, "Pepani bambo, kodi pano ana angasambe? Ng'ona zimafika?" Iwo amadziwa pamene pali phompho ndi pamene ng'ona inaoneka posacedwa. Akati ayi, ndi ayi. Musasambe m'mbandakuca, madzulo kukuda kapena usiku. Amene wamwa mowa asalowe m'madzi konse.

Ana amakonda kuyandama atakumbatira cigubu kapena cubu ca galimoto. Mphepo ikaomba kucokera kumtunda, imakankhira mwanayo pakuya mofulumira. Masewera amenewa aletseni. Munthu akamira inu musakudziwa kusambira, musalumphiremo, cifukwa maliro amakhala awiri. Kuwani, muponyereni cingwe kapena cigubu cotseka, kapena mutambasulireni nsungwi inu mutagona pansi kapena mutagwira cinthu colimba.

Bwato la mtengo umodzi limaoneka losavuta mukamaona asodzi, koma limagudubuka msanga ndi munthu wosalizolowera. Mukafuna kupita kucilumba, kwerani boti lokhala ndi majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ndipo muwavale musananyamuke. Boti likadzaza kwambiri, kapena mwera ukayamba, tsalani. Ndalama yotayika imapezekanso.

Udzudzu ndi malungo

Malungo aliko kuno kwathu, koma kumalo otentha a m'mbali mwa nyanja ndi oculuka kwambiri, ndipo amapezeka caka conse. Mbiri imacitira umboni. Mu 1875 amishoni a ku Scotland anamanga mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear. Malowo anali okongola, koma angapo a iwo anamwalira ndi malungo, ndipo mu 1881 otsalawo anasamukira ku Bandawe. Kenako mu 1894 anakwera kuphiri la Khondowe. Manda a oyambawo alipobe ku Cape Maclear.

Udzudzu wa malungo umaluma makamaka usiku. Aliyense agone mu neti yonyikidwa m'mankhwala, usiku uliwonse, ngakhale kutenthe bwanji. Neti ipindiridwe pansi pa mphasa mbali zonse. Zipi ya tenti izikhala yotseka kuyambira dzuwa likamalowa. Madzulo ana avale zovala zofika m'manja ndi m'miyendo. Amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 5 ndi amene malungo amawagwetsa msanga. Mayi woyembekezera ayambe wafunsa kucipatala asanaganize za ulendowu.

Likodzo

Likodzo limayamba ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Munthu wodwala akakodza kapena kucita cimbudzi m'madzi, mazira a tinyongolotsito amaswa n'kulowa mu nkhono za m'madzi. M'nkhonomo timaculukana, kenako timatuluka n'kumasambira. Tikakumana ndi munthu timaboola khungu, iye osamva kanthu. M'thupi timakula n'kuyamba kuikira mazira. Patapita milungu kapena miyezi, munthu amayamba kukodza magazi, kumva kupweteka pokodza kapena m'mimba. Ena saona cizindikiro ciliconse, koma matendawo amakhala akuwononga cikhodzodzo kapena ciwindi pang'onopang'ono.

Nkhonozi zimakonda madzi osaya, odekha, a bango ndi zomera, pafupi ndi midzi. Kum'mwera kwa nyanja, kuphatikizapo Cape Maclear, likodzo limapezeka ngakhale pagombe la mcenga woyera. Kuyera kwa madzi si umboni woti mulibe matenda.

Madzi osamba mutha kuwateteza. Atenthetseni, kapena atungeni n'kuwasunga mu cidebe masiku awiri, tinyongolotsito timafa tokha. Ngati banja lasambira m'nyanja, mankhwala alipo, dzina lake praziquantel. Amapha nyongolotsi zikakula, conco kumwa tsiku lomwe mwatuluka m'madzi sikuthandiza. Amamwa patapita milungu 6 kufika 8, ndipo mlingo wake umatengera kulemera kapena kutalika kwa munthu. Acipatala ndiwo akuuzeni mlingo. Inunso musawonjezere vuto: gwiritsani nchito cimbudzi, ndipo ana muwauze kuti m'nyanja sakodzeramo.

Madzi akumwa

Madzi a pagombe ndi omwe anthu amasambamo, kucapiramo ndi kutsukiramo nsomba. Musamwe osawateteza. Mu 2022 ndi 2023 kolera inapha anthu oposa 1,700 ku Malawi, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi ndi Salima anavutika kwambiri. Ku Niassa, boma la Lago nalonso linakhudzidwa. Wiritsani madzi mpaka abwadamuke, kapena thirani mankhwala. Kuno timadziwa Certeza, ku Malawi amagulitsa WaterGuard. Werengani mlingo pa botolo, thirani, dikirani mphindi 30. Sambani m'manja ndi sopo musanadye ndi pocokera kucimbudzi.

Moto

Phikirani panja, patali ndi tenti, kumbali imene mphepo ikupita. Nsalu ya tenti imayaka msanga ndipo imasungunuka n'kumatirira pakhungu. Kandulo ndi koloboyi zisalowe mkati, toci ndi yokwanira.

Mbaula ya makala isalowe mu tenti kapena mu kalavani, ngakhale makalawo aoneke ngati azima. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wosaoneka ndi wosanunkha. M'malo otseka anthu amayamba mutu, kufooka, kugona tulo, osadzukanso. Wa kalavani atseke botolo la gasi akatha kuphika, ndipo pophika windo likhale lotsegula. Mukamaliza kuphika zimitsani moto ndi madzi. Mukangoukwirira ndi mcenga, makala amakhala amoto pansi, mwana n'kudzapondapo m'mawa.

Zokaona ndi zokadya

Dzukani m'mamawa mupite padoko pamene mabwato akufika. Mudzaona usipa wauwisi wonyezimira, utaka, kampango wa ndevu zake, mceni, ndipo mwina cambo. Nsomba yatsopano imakhala ndi maso owala ndi mnofu wolimba. Usipa wa tsiku lomwelo, wokazinga ndi tomato, ndi wosiyana kutali ndi wouma uja tinauzolowera. Nsomba zing'onozing'ono za cambo musagule. Cambo cacepa m'nyanja cifukwa cogwidwa cisanaswane, n'cifukwa cake boma la Malawi limatseka usodzi wa makoka ena kumapeto kwa caka. Pa cilumba ca Mbenje, m'boma la Salima, mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi m'miyezi ya mvula mwa lamulo la makolo, ndipo mwambowu wasunga nsomba zaka zambiri.

Nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba yoposa 700, kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mcere, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. M'miyala mumakhala mbuna, tinsomba ta mitundu yowala, tabuluu ndi tacikasu. Mbuna yaikazi imasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa, ndipo cambo cimacitanso cimodzimodzi. Pofuna kuteteza nsombazi, mu 1980 boma la Malawi linakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse. Polowa mu paki mumalipira, ndipo kuwedza pafupi ndi gombe la pakiyo n'koletsedwa. Anyani ndi apusi a kumeneko ndi akuba odziwa nchito yawo, conco cakudya cizikhala cotsekeredwa.

Ana awonetseni nkhwazi ikutsika kudzatola nsomba pamwamba pa madzi. Usiku awonetseni nyali za asodzi a usipa zitandandalika pa nyanja ngati mudzi woyandama. Amene adzafike kumpoto, ku Metangula kapena ku Likoma, adzaona cinthu conga utsi cikukwera pakati pa madzi. Si moto ayi. Ndi nkhungu, tizilombo touluka tambirimbiri timene anthu a kumeneko amagwira ndi madengu n'kupanga ndiwo. Odzera njira ya Golomoti atha kupatukira ku mishoni ya Mua, imene inayamba mu 1902. Kumeneko kuli malo a KuNgoni osungirako mbiri ndi miyambo ya Acewa, Angoni ndi Ayao.

Pocoka, tolani mapepala, mabotolo ndi mapulasitiki onse. Tsanzikani amfumu kapena mwini malo. Mlendo wosiya malo aukhondo amatsegulira njira anzake obwera m'mbuyo.

Mukabwerera kumudzi

Ulendo sutha tsiku lofika pakhomo. Malungo amayamba kuoneka patapita masiku 7 kapena kuposa kucokera pamene udzudzu unaluma. Wina m'banja akatentha thupi m'mwezi wotsatira, apite kucipatala tsiku lomwelo akayezedwe magazi, ndipo muwauze acipatala kuti munali kunyanja. Musadikire kuti muone ngati kutenthako kutsike kokha.

Lembani pa kalendala tsiku limene munasamba m'nyanja komaliza. Werengani milungu 6 kucokera pamenepo, muikepo cizindikiro. Tsikulo likafika, banja lonse lipite kucipatala kukafunsa za likodzo, ngakhale pasakhale wodwala. Tenti kapena lona muyanike padzuwa iume bwino musanaipinde, kuti isacite nkhungu ndipo idzagwirenso nchito caka camawa.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Kodi tenti ndi kalavani zikusiyana bwanji?
2. N'cifukwa ciyani sitimanga tenti pafupi ndi bango?
3. Munthu akamira inu musakudziwa kusambira, mungacite ciyani?
4. Mankhwala a likodzo amamwa patapita milungu ingati?
5. Lembani mizere inayi ya ndalama za ulendo wa banja lanu.